Phunziro la Mau: “Slant” ndi Mbale Wace “Bias”

Ambiri a ife tiri ndi ana kapena adzukulu ku Lusaka, ena ku Matero, ena ku Chaisa ndi ku Mandevu, ena ku Emmasdale, m'mbali mwa mseu waukuru wa Great North Road, kumpoto kwa masitolo a pakati pa mzinda. Anawa pobwera kumudzi, kapena polankhula nafe pa lamya, amasakaniza mau a Cingerezi m'nkhani zao, ndipo ife akuru timangogwedeza mutu monga tamva, koma tisanamve. Wina anena kuti nyuzi yakutiyakuti iri ndi “slant”. Wina adandaula kuti woyimbira mpira wa dzulo anali ndi “bias”. Tsono phunziro lathu la mau caka cino likhala pa mau awiriwa. Loyamba limachulidwa ngati silanti, laciwiri ngati bayasi. Onse awiri anabadwira pa cinthu cooneka ndi maso, ndico kupendama, ndipo onse awiri anasamuka nakakhala pa cinthu cosaoneka, ndico kukondera.

Tiyambe ndi “slant”. Tanthauzo lace loyamba ndi la cinthu cosaima ciriri ngati mzati, ndiponso cosagona cigonere ngati mphasa, koma ciri pakati pa ziwirizi. Akatswiri a mau amati linacokera ku liu lakale lakuti “slent”, limene mwina Angerezi analitenga kwa anthu a ku Scandinavia, ndipo linali kunena za kuterereka kapena kugwera cam'mbali. Pa Cinyanja tiri nao mau ambiri a cimeneci: mtengo upendama, mtsuko upendekeka, khasu litsamira pa khoma, njira itsetsereka. Mngerezi akhoza kuphimba zonsezi ndi liu limodzi lomweli. Ngakhale mwana wa sukulu amene malembo ace aweramira kudzanja lamanja, mphunzitsi anena kuti dzanja lace liri ndi “slant”.

Pano owerenga azindikire msanga kuti kupendama sikuli koipa pa kokha. Mmisiri aliyense wofolera nyumba adziwa kuti denga la udzu lifuna kutsetsereka kwambiri, pafupifupi madigiri 45, kuti mvula itsike msanga isanalowerere m'udzu ndi kuuoletsa. Denga la malata lilola kutsetsereka pang'ono. Denga logona ngati thebulo ndi dziwe, si denga ai. Anthu a ku Lusaka adziwa bwino mtengo wace wa kusowa kutsetsereka. Mzinda wao unamangidwa pa cidikha ca pamwamba, pa thanthwe la miyala ya laimu, ndipo malo ambiri ngosalala kotero kuti madzi a mvula asowa kolowera, nangoima m'mabwalo ndi m'miseu. Anthu a ku Kanyama sanaiwale cigumula ca mu 1978. Pakati pa 2013 ndi 2018 ndalama zambiri zocokera ku America zinagwira nchito ya madzi m'mzindamo, ndipo ina mwa nchitozo inali kukuza ngalande yochedwa Bombay, yotengera madzi kumka ku mtsinje wa Ngwerere. Ngalande iriyonse, yaikuru kapena ya kuseri kwa nyumba ku Emmasdale, ikhala ndi moyo cifukwa ca “slant” yace. Ikapanda imeneyo isanduka nyumba ya udzudzu.

Popeza buku lino ndi la masiku ndi miyezi, tiyenera kuchulanso kupendama kwakukuru koposa konse. Dziko lapansi pozungulira dzuwa siliima ciriri, koma lapendama madigiri 23 ndi theka, ndipo kupendamaku ndiko kutipatsa nyengo. Lusaka ali madigiri 15 kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko. Cifukwa cace m'mwezi wa Juni dzuwa la masana liyenda ca kumpoto, kuwala kwace kutifika mopendama, mthunzi wa munthu ugwera kumwera, ndipo timva cisanu. Kuciyambi kwa Novembala, ndiponso kuciyambi kwa Febuluwale, dzuwa la masana liima pa liwombo peni peni, ndipo mzati woongoka usowa mthunzi. Amene agula magalasi a sola acita bwino kuwapendeketsa pang'ono kuyang'ana kumpoto, monga madigiri 15, pakuti potero alandira dzuwa lambiri pa caka, ndiponso mvula itsuka pfumbi pa iwo.

Tsono tifike pa tanthauzo laciwiri, limene ndilo ticitira phunziro lino. Olemba nyuzi anabwereka liuli nayamba kunena kuti nkhani nayonso ikhoza kupendama. Nkhani ya “slant” si bodza ai, ndipo apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Wabodza anena cimene sicinacitike. Wopendeketsa nkhani akhoza kunena zoona zokha zokha kuyambira poyamba kufikira potsiriza, koma asankha zoona zimene afuna, naziika patsogolo, nasiya zina m'thumba; ndipo womvera afika kumene wolembayo anafuna kuti afike, monga madzi atsata ngalande osadziwa kuti wina anaikumba. Tinene kuti pa msonkhano panafika anthu mazana asanu m'nyumba yokwana anthu cikwi. Wina alemba kuti khamu la anthu mazana asanu linasonkhana; mnzace alemba kuti theka la mipando linali lopanda anthu. Palibe wanama mwa awiriwa. Cimodzimodzi amene wina amucha womenyera ufuru, wina amucha woukira boma. Cimene wina acicha kukonza mitengo ya zinthu, wina acicha kukwera kwa ufa.

Dziko lathu lino liri ndi mbiri yaitali ya cimeneci. Mu 1936 boma la Northern Rhodesia linayamba kusindikiza nyuzi ya anthu akuda yochedwa Mutende, m'Cingerezi ndi m'zinenero za kuno, Cinyanja cikhala cimodzi mwa izo. Inayamba patangopita caka cimodzi cicitikire sitalaka ya anchito a ku migodi ya mkuwa mu 1935, ndipo munali nkhani zambiri zothandiza, koma kutsetsereka kwace konse kunali kolowera ku boma. Pambuyo pace kunadza wailesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, imene inali kumveka kufikira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Mu 1949 kunafika kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5, ndipo mau a ku Lusaka analowa m'midzi imene sinaonepo nyuzi. Anthu anaikonda wailesiyo cifukwa ca nyimbo za Alick Nkhata ndi anzace, ndi moni wotumizirana ndi abale a kutali.

Koma pofika nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, zinthu zinasintha. Anthu akuda ambiri anacikana citaganyaco, koma pa wailesi anali kumva kwambiri za zabwino zace. Cikhulupiriro cao cinatha, ndipo citatha sicinasiye malo opanda kanthu: m'malo mwace munalowa mphekesera. Kunamveka mbiri yakuti oulutsa mau a pa wailesi ali pamodzi ndi banyama, anthu ogwira anzao usiku ndi kuwakhetsa mwazi, ndipo ena a iwo anakhala mwamantha m'makomboni a Lusaka, ngakhale analibe mlandu uliwonse. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, anasimba zimenezi m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la mu 1959. Ife tiona kuti nkhaniyi njofunika kuisunga, pakuti ionetsa cipatso ca nkhani zopendama: womvera akazindikira kuti amtsogolera ndi cingwe ca m'mphuno, saleka kukhulupirira mbali yopendamayo yokha, koma ataya zonse, ngakhale malangizo oona a za katemera ndi za ulimi, nayamba kumeza za pa citsime.

Ufuru utafika mu 1964, kupendama sikunathe, koma kunatembenukira kwina. Nyuzi ya African Mail, imene Alexander Scott anaiyambitsa mu 1960 nimalankhulira anthu akuda, inagulidwa ndi boma mu 1965, ndipo ndiyo inadzakhala Zambia Daily Mail. Nyuzi ya Northern News inasanduka Times of Zambia m'caka comweco, ndipo mu 1975 President Kaunda analengeza kuti cipani ca UNIP cidzaitenga. Mu 1991, pobwerera ndale za zipani zambiri, kunabadwa Weekly Post, imene inachuka ndi kudzudzula olamulira, kufikira inatsekedwa mu 2016 pa nkhani ya misonkho. Ndipo nayonso anthu ena anali kuinena kuti ipendamira kwa amene iwakonda. Lero nkhani zambiri zifika m'mudzi pa lamya ya m'manja, kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, zopanda dzina la wolemba, ndipo funso lakale lija likhalabe: mwini ngalandeyi ndani, ndipo afuna kuti madzi apite kuti?

Tisanacoke pa liuli, ana a sukulu adziwe kuti nthawi zina silinena coipa. Mngerezi akati “a new slant”, atanthauza kaonedwe katsopano ka nkhani yakale, monga munthu amene wazungulira phiri naliona mbali yina. Koma akati nkhani iri “slanted”, kawiri kawiri ndiko kudzudzula.

Tsopano mbale wace uja, “bias”. Liu ili Angerezi analitenga ku Cifalansa, kumene “biais” anali kunena za cinthu copita mopingasa, ndipo linalowa m'Cingerezi m'zaka za m'ma 1500. Amai ambiri alidziwa kale osadziwa kuti alidziwa, pakuti kansaru kopyapyala kopendera khosi la diresi kapena mkono wa malaya a mwana, kamene matelala a m'makhonde a masitolo ku Emmasdale ndi ku Kamwala amakacha bayasi, ndi liu lomweli. Nsaru iri ndi ulusi wotsata m'litali ndi ulusi wotsata m'lifupi. Mukaikoka motsata ulusi, ikana. Koma mukaikoka kucokera pa ngondya kumka pa ngondya inzace, itamuka. Telala akaidula motero mopingasa, ndiko kudula “on the bias”, ndipo kansaruko kakhoza kuzungulira khosi kopanda makwinya. Mai wina wa ku France, Madeleine Vionnet, anachuka m'zaka za m'ma 1920 cifukwa ca kusoka madiresi athunthu odulidwa motero.

Koma njira imene liuli linafikira pa mtima wa munthu inadzera ku masewera. Angerezi ali ndi masewera ochedwa “bowls”, ogubuduza mipira yolemera pa kapinga. Mpira wace suli wofanana mbali zonse. Kale anali kuulemeretsa mbali imodzi, lero amauumba mbali imodzi mosiyana pang'ono. Pouona uoneka wobulungira bwino, koma ukagubuduzika ukhota, ndipo ukhotera mbali yomweyo nthawi zonse. Kulemera kobisikako ndiko kunachedwa “bias”. Fanizoli nlokoma ndithu, ndipo litithandiza kusiyanitsa mau athu awiriwa. “Slant” ikhala m'nkhani, ndipo kawiri kawiri wina waiikamo dala. “Bias” ikhala m'kati mwa munthu, ndipo mwini wace akhoza kulumbira moona mtima kuti waponya mpira molunjika. Pa Cinyanja tinena kukondera pamene munthu alemerera kwa wina, ndi tsankho pamene alemerera motsutsana naye. Mngerezi anena “biased towards” ndi “biased against”. Ndipo ana athu aleke kunena kuti “he is bias”, monga timamva kawiri kawiri pa mpira. Coyenera ndi “he is biased”. Wosakondera ndi “unbiased”.

Makolo athu anaidziwa nthenda imeneyi pa bwalo la milandu, nanena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mfumu yanzeru, mlandu ukakhudza mphwace, inali kuitana nduna kapena mfumu inzace kuti iweruze. Malamulo a Angerezi, amene makhoti a Zambia ndi Malawi anatengerako zambiri, anafika pa nzeru yomweyo. Mu 1923 ku Sussex munthu wina dzina lace McCarthy anatsutsidwa pa mlandu wa ngozi ya njinga yamoto. Pambuyo pace kunadziwika kuti kalaliki wa khotilo, amene analowa pamodzi ndi oweruza m'cipinda cokambiranamo, anali wa kampani ya maloya imene inali kumsumira McCarthy yemweyo pa ngozi yomweyo. Oweruza ananena kuti kalalikiyo sanawauze kanthu, ndipo khoti lalikuru silinakane zimenezo; komabe linafafaniza ciweruzoco, pakuti Lord Hewart anaona kuti sikukwanira kuti cilungamo cicitike ngati anthu oonerera ali ndi cifukwa ca kucikayika. Mu 1998 cinthu cofanana cinacitika pa khoti lalikuru koposa la Britain, pa mlandu wa Pinochet, amene analamulira dziko la Chile. Mmodzi wa oweruza asanu, Lord Hoffmann, anali mkuru m'nthambi ina ya bungwe la Amnesty International, limene linali ndi mbali pa mlanduwo, ndipo ciweruzo conse cinathetsedwa, mlandu nuyambanso ndi oweruza ena. Palibe ananena kuti iye analandira ciphuphu. Akuru a mpingo ndi a m'makomiti a m'midzi, pogawa feteleza kapena poweruza za malire a minda, apeza pano cowathandiza: kuturuka panja pamene nkhani ya mbale wanu ikambidwa sikubvomera kuti ndinu wosalungama ai.

Palinso “bias” yina yopanda mwini, imene ilowa m'ciwerengero ngakhale owerengawo alibe cifukwa ndi munthu. Mu 1936 ku America magazini ya Literary Digest inafuna kudziwiratu amene adzapambana pa cisankho. Inatumiza makalata 10 miliyoni, nilandira mayankho oposa 2 miliyoni, ndipo inalengeza kuti Landon adzagonjetsa Roosevelt. Tsiku litafika Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa zigawo 48. Colakwa cinali pati? Maina ambiri anawatenga m'mabuku a eni lamya ndi eni galimoto, pa nthawi imene osauka analibe zimenezo. Ndiponso amene anadzibvuta kuyankha anali makamaka okwiya ndi boma. Kucuruka kwa mayankho sikunacize kanthu, monga mpira wolemera mbali imodzi sulunjika cifukwa mwauponya kambiri. Magaziniyo inatha mu 1938. Cotero mukamva pa wailesi kuti anthu onse oyimba lamya agwirizana pa cakuticakuti, kumbukirani kuti oyimbawo ndi amene ali ndi lamya, ndi ndalama ya kuyimbira, ndi netiweki, ndi nthawi. Mai amene ali kudimba sanafunsidwe. Ndipo mwana wanu wokhala ku Emmasdale akakuuzani cimene “Lusaka yense” aganiza, mumfunse mokoma kuti wakamba ndi angati a ku Kanyama ndi angati a ku Kabulonga.

Potsiriza tinene za “bias” imene ilowa m'thumba la mlimi. Akatswiri a miyeso amasiyanitsa zolakwa ziwiri. Sikelo yogwedezeka ilakwa uku ndi uku, lero yaonjeza, mawa yacepetsa, ndipo pa matumba ambiri zolakwazo zilipirana. Koma sikelo ya “bias” ilakwira mbali imodzi nthawi zonse, ndipo kulakwa kwace kuunjikana. Tinene kuti sikelo ya wogula woyendayenda m'midzi idya makilogalamu 2 pa thumba lirilonse la makilogalamu 50. Pa thumba limodzi simuona kanthu. Pa matumba 25 yadya thumba lathunthu. Pa matumba 100 yadya anai, amene akanalipira zofunika za mwana wa sukulu. Buku la Miyambo, pa mutu 11, lichula muyeso wotere pakati pa zinthu zonyansa kwa Mulungu, ndipo boma nalonso liuletsa: m'Zambia masikelo a malonda ayenera kuyesedwa ndi bungwe la Zambia Metrology Agency, ndipo m'Malawi ndi Malawi Bureau of Standards. Mlimi ali ndi ufuru wa kufunsa cizindikiro cosonyeza kuti sikelo inayesedwa.

Koma ofesi iri kutali, ndipo wogula ali pakhomo lero. Tsono citani cotere. Musanapacike thumba, onani kuti muvi wa sikelo uli pa ziro pamene palibe kanthu. Onaninso kuti sikeloyo yapacikidwa moongoka, kapena ngati iri ya pansi, kuti yakhala pa malo osalala, pakuti sikelo yopendama siyesa bwino ngakhale mwini wace ali wolungama. Pamenepo muyese cinthu cimene mudziwa kale kulemera kwace. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Cotero cigubu cimene mwathiramo malita 20 ciyenera kuonetsa makilogalamu 20, ndi kakuonjeza pang'ono ka cigubuco. Thumba la ufa la makilogalamu 25 losatsegula licita nchito yomweyo. Sikelo ikaonetsa 18 pa cigubu ca madzi, itanani anzanu a m'mudzi aone nao, ndipo cimanga cibwerere m'nkhokwe.